Momwe Mungayesere Zimene Openda Anena pa Filimu Yachikondi Yoseketsa ndi Kulemba Ndemanga Yanu

Filimu yachikondi yoseketsa ikatuluka, kawirikawiri pamamveka mawu awiri osagwirizana. Openda mafilimu a m'nyuzipepala amati nkhani yake ndi yakale yomwe ija ndipo mathero ake amadziwika filimu isanafike pakati, pomwe anthu wamba amaionera mobwerezabwereza, kutumizirana tizigawo take pa WhatsApp ndi kuloweza mawu a osewera. Munthu amene akufuna kulemba kapena kulankhula za filimu yotere, kaya ndi wophunzira zisudzo pa University of Malawi kuno ku Zomba, kaya wokonza pulogalamu ya zaluso pa Chanco Community Radio, kaya wongokonda mafilimu amene anzake amamufunsa choti aonere Loweruka madzulo, ayenera kudziwa kumvetsera mbali zonse ziwiri popanda kutengeka ndi imodzi. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwire kuyambira pachiyambi ndi yakuti kudziwika kwa mathero si mlandu pa filimu ya mtunduwu. Imaimbidwa mlandu pamene chinthu cholekanitsa okondanawo chili chabodza, ndiponso pamene kuseka kwake kukuchokera m'kunyoza anthu. Ndemanga iliyonse imene mungawerenge muiyese ndi muyeso umenewu, ndipo yanu ikadzalembedwa iyesedwenso ndi womwewo.

Onerani musanawerenge

Yambani mwaonera filimuyo musanawerenge chilichonse chimene ena alemba. Munthu akangomva kuti openda aitaya, amaionera akusaka zolakwa, ndipo nthabwala imene ikanamuseketsa amaitenga ngati umboni wa zimene wawerenga kale.

Kaoneredwe kakenso kali ndi ntchito. Ambiri a ife timaonera mafilimu pa foni kapena pa laputopu, ena pa DStv, Netflix kapena YouTube, ndipo enanso m'malo oonetsera kanema a m'madera monga Chinamwali ndi Matawale, kumene mafilimu ambiri akunja amabwera ataikidwa mawu a Chichewa pamwamba. Womasulira wotereyu ndi mmisiri payekha, ndipo nthawi zambiri amaonjezera nthabwala zake, amapatsa osewera maina a kwathu ndi kufotokoza zimene mwini filimu adafuna kuti woonera azione yekha. Anthu amasangalala nazo, ndipo palibe cholakwika ndi chisangalalo chimenecho, koma mukalemba ndemanga mutaonera filimu yotere, mwapenda luso la womasulira osati la amene adaikonza. Pa ntchito yopenda, funani filimu ya mawu ake enieni, ndipo ngati chilankhulo chikuvuta, tsegulani mawu olembedwa m'munsi. Ngati intaneti ikudukaduka, yambani mwaitsitsa yonse kuchokera pamalo ovomerezeka, chifukwa nthabwala imafa chithunzi chikaima pakati pa funso ndi yankho.

Ioneni kawiri. Ulendo woyamba muonere ndi anthu ena, makamaka osiyana misinkhu, amuna ndi akazi omwe, chifukwa filimu yoseketsa imakonzedwera gulu ndipo munthu ali yekha m'chipinda saseka monga amasekera ali pakati pa anzake. Mvetserani pamene kuseka kwabwera, pamene kwabwera mochedwa, ndi pamene anthu ayamba kugwira mafoni awo. Ulendo wachiwiri muonere nokha muli ndi kope ndi cholembera, ndipo mulembe mphindi imene awiriwo akumana, imene ayamba kukondana, imene asiyana ndi imene abwererana. Mafilimu ambiri a mtunduwu amatenga mphindi za pakati pa 90 ndi 120, ndipo kusiyana kumabwera gawo lomaliza likuyandikira. Mukapeza kuti mphindi 40 zatha awiriwo asanakhale pansi kucheza, mwapeza kale chifukwa chimene anthu amagwirira mafoni.

Zimene manambala akunena

Mukasaka dzina la filimu yakunja pa intaneti, zoyamba kuoneka ndi manambala, ndipo anthu ambiri amathera pomwepo. Manambalawa sayeza chinthu chimodzi, ndipo wosadziwa kapangidwe kake amanamizidwa nawo mosavuta.

Rotten Tomatoes, imene ndi tsamba la pa intaneti ndipo idayamba mu 1998, imasonkhanitsa ndemanga za openda amene yawavomereza n'kuika iliyonse m'limodzi mwa magulu awiri okha, yoyamikira kapena yodzudzula. Nambala imene imatchedwa Tomatometer ndi kuchuluka kwa ndemanga zoyamikira pa 100 zilizonse, ndipo filimu ikafika pa 60 kapena kuposera apo imapatsidwa chizindikiro cha phwetekere wofiira, chosonyeza kuti yalandiridwa bwino. Taganizirani tanthauzo lake. Openda 100 onse atanena kuti filimu ndi yabwinoko pang'ono chabe, ingapeze 100, pomwe ina imene openda 50 aikonda ndi mtima wonse koma 50 enawo aida ingapeze 50 n'kuoneka yolephera. Nambalayi imakuuzani kuchuluka kwa amene sadakhumudwe, koma siikuuzani kuti adaikonda motani. Pa filimu yachikondi zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa filimu yosalakwira munthu aliyense, imene mudzaiwale mawa, ingathe kuposa ina imene yalimba mtima kunena chinthu chowawa pa maukwati a masiku ano.

Metacritic, imene idayamba mu 2001, imasandutsa ndemanga iliyonse kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 100 n'kupeza chiwerengero chapakati, koma ndemanga za nyuzipepala zina imazipatsa mphamvu kuposa zinzake ndipo siulula kuti ndi ziti. Kumeneko filimu ya pakati pa 61 ndi 80 imawerengedwa kuti yalandiridwa bwino, pomwe ya pakati pa 40 ndi 60 imawerengedwa kuti openda agawanika kapena angoiona yapakatikati. Mukaika nambala ya Metacritic pambali pa Tomatometer mumaona zimene iliyonse payokha imabisa: Tomatometer ikakwera kwambiri koma Metacritic ili cha m'ma 60, ndiye kuti openda ambiri adaivomera mopanda chidwi chachikulu.

Nambala ya IMDb, yochokera pa 1 mpaka 10, imaponyedwa ndi aliyense amene adalembetsa dzina pa tsambalo, ndipo palibe umboni umene amapereka wakuti filimuyo adaioneradi. Gulu la anthu okwiya ndi wosewera wina lingathe kuigwetsa, ndipo gulu la omukonda lingathe kuikweza. Vuto lomweli ndi limene lidachititsa Rotten Tomatoes kuyamba, mu 2019, kuwerengera paokha mavoti a oonera amene atsimikiziridwa kuti adaguladi tikiti. Palinso CinemaScore, imene imafunsa anthu m'nyumba zoonetsera mafilimu ku America pa tsiku loyamba la filimu n'kupereka magiredi ochokera pa A+ mpaka F. Anthu amene amalipira tikiti tsiku loyamba ndi amene ankaidikira kale, choncho magiredi ake amakhala okwera, ndipo C kumeneko ndi chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino.

Pa nambala iliyonse onani kuti yachokera pa ndemanga zingati, chifukwa 90 wochokera kwa openda 10 sangafanane ndi 75 wochokera kwa openda 200. Lembaninso tsiku limene mwaiona, popeza manambalawa amasintha ndemanga zatsopano zikamalowa.

Kuwerenga openda eni ake

Mukathana ndi manambala, werengani ndemanga zenizeni, zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, osati chiganizo chimodzi chimene tsamba lasankha. Sankhani imodzi yoyamikira kwambiri, ina yodzudzula kwambiri ndi ina yapakati, ndipo ngati filimuyo ikunena za anthu a dziko kapena mtundu wina, yesetsani kupeza imodzi yolembedwa ndi munthu wa komweko.

Dziwani amene akulankhula. Kafukufuku wa Annenberg Inclusion Initiative wa ku University of Southern California, amene adatuluka mu 2018, adapeza kuti pa ndemanga za mafilimu 100 amene adapeza ndalama zambiri ku America mu 2017, zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse zidalembedwa ndi amuna, ndipo zoposa zinayi mwa zisanu zilizonse zidalembedwa ndi azungu. Izi sizikutanthauza kuti openda amenewa amanama kapena kuti sadziwa ntchito yawo. Zikutanthauza kuti mafilimu achikondi, amene nthawi zambiri amakonzedwera akazi ndipo amatsatira maganizo a mkazi, amayesedwa kwambiri ndi anthu amene filimuyo siinkalankhula nawo poyamba. Mukamva kuti openda aikana, funsani kuti ndi openda ati.

Kenako siyanitsani madandaulo awiri amene amaoneka ngati amodzi. Wina amadandaula za mtundu wa filimu, wina za filimu yomwe ili pamaso pake. Amene walemba kuti ankadziwa kuti awiriwo adzakwatirana sananene kanthu, chifukwa palibe amene amapita ku ukwati kutchalitchi kukamva ngati mkwatibwi avomere. Anthu amapita kukaona mmene tsikulo liyendere. Koma amene walemba kuti sadakhulupirire kuti mkazi wanzeru chotere angakhululukire bodza lalikulu chifukwa cha maluwa okha, ameneyo waloza chilema chenicheni chimene inu mungabwerere ku filimu kukachiona. Dandaulo loyamba lisiyeni, lachiwirilo lilembeni m'kope. Chitaninso chimodzimodzi ndi oyamikira: mawu akuti filimu ndi yokoma sakuthandizani, koma wopenda akatchula gawo limene kukomako kukuonekera, muli ndi pogwira.

Amene amanyoza mtundu wonsewu ngati wachabechabe mbiri imawatsutsa. It Happened One Night ya Frank Capra, ya mu 1934, ndi filimu yachikondi yoseketsa, ndipo idapambana mphotho zazikulu zonse zisanu za Oscar: ya filimu, ya wotsogolera, ya wosewera wamwamuna, ya wosewera wamkazi ndi ya wolemba nkhani. Mtunduwu ungathe kufika pamwamba penipeni, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuufunsa mafunso ovuta m'malo moulekerera.

Chopinga chimene chili pakati pawo

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu ya wopenda. Filimu yachikondi yoseketsa imaima pa funso limodzi: n'chiyani chikuletsa anthu awiriwa kukhala pamodzi? Kale olemba sankavutika nalo, chifukwa makolo, chuma, mtunda ndi malamulo zinkalekanitsa anthu mwamphamvu. Masiku ano wolemba nkhani ya anthu a m'tauni amene ali pa ntchito, ali ndi mafoni ndipo amadzisankhira okha, amavutika kupeza chowalekanitsa, ndipo ofooka amathawira ku kusamvetsetsana kwachabe. Mkazi waona mwamuna akukumbatira mtsikana wina, amene pambuyo pake zidziwika kuti ndi mchemwali wake, ndipo kwa mphindi 30 palibe amene akufunsa mnzake funso limodzi losavuta.

Yesani chopingacho motere. Funsani ngati foni imodzi ingachithetse. Ngati ingatero, ndi chabodza, makamaka m'filimu imene aliyense akuyenda ndi foni m'manja. Funsani chimene aliyense wa awiriwo angataye akasankha mnzake, chifukwa chikondi chosataya kanthu sichipatsa woonera chifukwa chodikira. Funsaninso amene wasintha pamapeto. M'mafilimu ambiri mkazi ndi amene amasiya ntchito, mzinda kapena maloto ake, pomwe mwamuna amangopepesa kamodzi pamaso pa gulu, ndipo filimu imatcha zimenezi kukumana pakati. Wopenda wakhama amawerengera zimene aliyense wapereka.

Woonera wa ku Zomba ali ndi chuma chimene wopenda wa ku London kapena New York alibe, ndipo asachitaye pofuna kumveka ngati iwo. Kuno zopinga zenizeni sizidathe. M'boma lino Ayao, Alomwe ndi Amang'anja amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo funso lakuti banja likakhala kuti, chikamwini kapena chitengwa, likadali lamoyo ngakhale kwa anyamata ndi atsikana amene akumana m'kalasi pa yunivesite ku Chirunga. Mtsikana wa kuno akakondana ndi mnyamata wa kumpoto, kumene kuli malowolo ndipo ana amawerengedwa a kuchimuna, mabanja awiri amayamba kukambirana nkhani imene okondanawo sadaiganizire. Msilamu ndi Mkhristu akafuna kukwatirana, pali funso la kumene ukwati ukadalitsidwe ndi chipembedzo chimene ana adzakuliremo. Pali mwamuna amene wapita ku Johannesburg kukasaka maganyu, ndipo chibwenzi chonse chatsalira pa WhatsApp ndi ndalama zotumizidwa kumapeto kwa mwezi. Pali mkazi amene amalandira malipiro oposa a mwamuna wake, ndi zolankhula za apongozi pa nkhaniyo. Pali olowana popanda chinkhoswe, amene lamulo la maukwati la 2015 limati khoti lingathe kuwazindikira ngati banja akakhala limodzi zaka zosachepera zisanu, koma amene akamwalira mmodzi, wotsalayo amapezeka kuti achibale a mnzake sakumudziwa. Palinso ankhoswe ndi amalume, amene m'filimu yofooka amangokhala zidole zosekedwa, pomwe m'moyo weniweni akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo banja likagwedezeka ndi iwo amene amaitanidwa.

Mukamapenda filimu ya ku Malawi kapena ya dziko lina la mu Africa, funsani ngati yagwiritsa ntchito zopinga zoterezi kapena yabwereka za kwina. The Wedding Party ya Kemi Adetiba, ya ku Nigeria, imene idaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Toronto mu 2016 ndipo pa nthawiyo idapeza ndalama zambiri kuposa filimu ina iliyonse ya m'dzikomo, idaika nkhani yake pa tsiku la ukwati pakati pa banja la Chiyoruba ndi la Chiigbo. Chopinga chake chidachokera m'mabanja ndi m'mwambo umene oonera adaudziwa kuyambira ubwana wawo. Aliyense amene adakhalapo m'komiti ya ukwati kuno, kapena adaonapo mbali ziwiri zikupikisana pa perekaniperekani, amadziwa kuti nkhani zotere sizisowa.

Chilungamo chikufunikanso mbali inayo. Filimu ya ku America musaiimbe mlandu chifukwa mulibe ankhoswe. Iyeseni molingana ndi moyo wa anthu ake. Chimene mungachite, ndipo owerenga anu adzakuthokozani nacho, n'kuwauza zimene zingamveke kwa munthu wa kuno ndi zimene zingamudabwitse, monga awiri kugwirizana za ukwati popanda wachibale ndi mmodzi yemwe kudziwa.

Pali chinthu china chimene sindifuna kuti wopenda aliyense achilumphe. Mafilimu ambiri a mtunduwu amaonetsa mwamuna amene wakanidwa koma akupitiriza kulondola mkazi kuntchito, kumudikira pachipata ndi kumutumizira mauthenga usiku wonse, ndipo nyimbo yokoma imaikidwa pansi pake kuti tizione ngati kulimbikira kwa chikondi. Atsikana a m'mahositelo ndi m'nyumba za lendi ku Chikanda amadziwa kuti zimenezi zikachitika m'moyo weniweni ndi mantha, ndipo lamulo la dziko lino la 2016 loona za pa intaneti limatchula kuvutitsa ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena kompyuta kuti ndi milandu. Onani mmene filimu ikuchitira ndi mawu akuti ayi. Ngati ikuphunzitsa kuti kukana kwa mkazi ndi chiyambi chabe cha kuvomera, nenani zimenezo momveka m'ndemanga yanu, ngakhale osewera ake atakhala aluso motani.

Kuseka kwake kukuchokera kuti

Filimu ingakhale ndi chopinga chenicheni koma n'kulephera kuseketsa, ndipo pamenepo yalephera theka la lonjezo lake. Nthabwala yabwino m'filimu yotere imabadwa m'khalidwe la munthu. Tengani mawu amene adaseketsa gulu, muwaike m'kamwa mwa wosewera wina. Akamvekabe chimodzimodzi, ndiye kuti adangomatidwa pa nkhaniyo, koma akafa, ndiye kuti wolemba adamudziwa munthu wake. Onaninso ntchito ya amene adadula ndi kulumikiza zithunzi, chifukwa kuseka kumadalira nthawi: kamera ikachedwa pang'ono pa nkhope ya wodabwa, kapena ikachoka msanga, nthabwala yomweyo imapsa kapena imazizira. Pa okondana awiriwo, musangoona kukongola kwawo. Onani ngati wina akumvetsera pamene mnzake akulankhula, ngati kukhala chete kwawo kuli ndi tanthauzo, ndiponso ngati amaseketsana okha, popeza anthu amene saseka limodzi n'kovuta kukhulupirira kuti adzakhala limodzi.

Kenako funsani kuti akusekedwa ndani. N'zosavuta kudzutsa phwete poonetsa wachibale wa kumudzi akudabwa ndi zipangizo za m'nyumba ya m'tauni, mtsikana wantchito wosadziwa Chingerezi, munthu wonenepa, wachibwibwi, wolumala kapena wachialubino, kapena potsanzira katchulidwe ka Chiyao ndi Chilomwe. Gulu limaseka ndithu, ndipo simuyenera kubisa kuti lidaseka. Koma lembani kuti kusekako kudagulidwa ndi ulemu wa anthu amene sangayankhe, ndipo onani ngati filimuyo idawapatsa anthuwo mphindi imodzi yokhala anthu enieni, a nzeru ndi zofuna zawo. Filimu yabwino imaseka kwambiri okondanawo eni ake, kudzikuza kwawo, mantha awo ndi mabodza amene amadziuza okha.

Filimu ikakhala ya kwathu

Filimu ya ku Malawi kawirikawiri simudzaipeza ndi manambala pa masamba aja, choncho kulandiridwa kwake muyenera kukusonkhanitsa nokha. Werengani masamba a zaluso a The Nation ndi The Daily Times, mverani mapulogalamu a pa wailesi, ndipo onani zimene anthu alemba pa YouTube ndi Facebook. Samalani ndi zinthu ziwiri. Kuchuluka kwa anthu amene atsegula filimu pa YouTube sikunena kuti adaimaliza kapena adaikonda, ndipo m'manja mwa tsiku lokhazikitsa filimu mumaombedwa kwambiri ndi achibale, anzawo ndi oitanidwa a amene adaikonza.

Pali chizolowezi choyamikira chilichonse cha kwathu poopa kufooketsa anzathu, ndipo ine ndikuona kuti chimawapweteka amene tikufuna kuwateteza. Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018 adapambana mphotho za Africa Magic Viewers' Choice Awards, umene ndi umboni wakuti ntchito ya Amalawi imayesedwa pamodzi ndi ya maiko ena ndipo imatha kuima. Chimene muyenera kuchita n'kusiyanitsa zolakwa za kusowa ndalama ndi zolakwa za kusaganiza. Kuwala kochepa m'chipinda kapena kamera imodzi mungazitchule mwachidule n'kupitirira. Mawu osamveka atchuleni mwamphamvu, chifukwa nthabwala yosamveka ndi yotayika. Koma nkhani yosalongosoka, anthu osintha khalidwe popanda chifukwa ndi chopinga chabodza sizifuna ndalama kuti zikonzedwe, ndipo pamenepo musachepetse mawu.

Kulemba ndemanga yanu

M'ndime yoyamba ikani dzina la filimu, chaka, dziko, wotsogolera, osewera akuluakulu, kutalika kwake, kumene munthu angaionere movomerezeka ndi msinkhu umene ikuyenera, popeza ambiri adzaionera pabalaza ana ali pomwepo. Chigamulo chanu chibwere msanga, osati kumapeto. Nkhani ya filimu ifotokozeni m'ziganizo zitatu kapena zinayi, mpaka pamene chopinga chaonekera, n'kulekera pomwepo. Ngakhale aliyense akudziwa kuti awiriwo abwererana, njira imene abwererane ndi ya filimu, ndipo nthabwala zake zazikulu musazilembe zonse.

Chiweruzo chilichonse chikhale ndi gawo la filimu lochiikira umboni. Apa ndi pamene kope lija ligwire ntchito: m'malo monena kuti pakati pake ndi potopetsa, nenani kuti kuchokera pamene awiriwo akangana mpaka pamene akumananso, palibe chatsopano chimene tikuphunzira za aliyense wa iwo.

Pofotokoza mmene ena ailandirira, pewani mawu akuti aliyense kapena openda onse. Tchulani wopenda, nyuzipepala yake ndi mfundo yake m'mawu anu, ndipo mukagwira mawu ake enieni akhale ochepa ndi olondola. Perekani nambala pamodzi ndi gwero lake, kuchuluka kwa ndemanga ndi tsiku. Pamene openda ndi oonera asiyana, musathamangire kunena kuti openda ndi odzikuza kapena kuti oonera ndi osazindikira. Yesani kufotokoza chimene mbali iliyonse inkafuna, kenako nenani mbali imene inu mwaima ndi chifukwa chake. Ngati mukusiyana ndi onse, nenani choncho mosaopa, malinga muli ndi umboni.

Zomba ndi mzinda waung'ono, ndipo anthu a zisudzo amadziwana. Ngati wotsogolera adali mnzanu wa m'kalasi, kapena wosewera ndi wachibale, kapena mudalowa ulere pa tsiku lokhazikitsa, uzani owerenga pachiyambi. Pendani ntchito, osati munthu: thupi la wosewera, banja lake ndi mphekesera za moyo wake zilibe malo m'ndemanga. Musaike filimu yonse kapena zigawo zake zazitali pa tsamba lanu, chifukwa lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza mafilimu, ndipo amene adaikonza amadya kuchokera pa ntchito yomweyo. Chithunzi chimene eni ake adatulutsa cholengezera filimu n'chokwanira.

Ngati mwasankha kupereka nyenyezi, fotokozani kamodzi tanthauzo la nambala iliyonse, mwachitsanzo kuti zitatu mwa zisanu ndi filimu yoyenera kuionera kamodzi ndipo zinayi ndi yoyenera kuibwereza, ndipo musasinthe muyesowo pakati pa filimu yakunja ndi ya kwathu. Ndemanga ya mawu a pakati pa 600 ndi 800 imakwanira pa filimu imodzi. Ya pa wailesi ikhale yaifupi kuposa pamenepo, ndipo muiwerenge mokweza musanalowe mu situdiyo kuti mumve pamene chiganizo chatalika kuposa mpweya wanu.